Kodi MRA imasankha bwanji mabuku oti iwafufuze?

Mayi, mwalemba kuti muli ndi sitolo ya zipangizo zomangira pa Dedza boma, katundu wina mumalowetsa kudzera pa chipata cha Dedza, ndipo mukufuna kudziwa chochita kuti a MRA, bungwe lotolera misonkho la Malawi Revenue Authority, asadzabwere kudzafufuza mabuku anu.

Palibe njira yowatsekera khomo, chifukwa lamulo limawalola kufufuza aliyense wolipira msonkho. Chomwe mungachite ndi kusawapatsa chifukwa chokukayikirani.

Kawirikawiri chimene chimawakoka ndi manambala osagwirizana. Musanalembe chilichonse pa Msonkho Online, njira ya pa intaneti ya MRA yoperekera mafomu a msonkho, kumbukirani kuti iwo ali nazo kale zambiri za inu. Simenti ndi malata amene munalipirira kasitomu pa chipata zinalembedwa pa TPIN yanu, nambala imene MRA imakudziwirani ngati wolipira msonkho. Bungwe limene munaligulitsa katundu n'kukudulani withholding tax (msonkho wodulidwiratu pa malipiro anu) linakapereka ndalamayo m'dzina lanu. Ndiye ngati munalowetsa katundu wambiri koma mukuonetsa malonda ochepa, popanda katundu wotsala m'sitolo wofotokoza kusiyanako, funso libwera lokha. Zogulitsa za pa mafomu a VAT (msonkho woonjezera pa mtengo wa katundu) a mwezi ndi mwezi zifanane ndi za pa fomu ya chaka ya msonkho wa phindu. Ambiri amagwa apapa.

Musaphonye masiku: PAYE (msonkho wodula pa malipiro a antchito) pofika pa 14 mwezi wotsatira, VAT pofika pa 25, fomu ya chaka pasanathe masiku 180 chaka chanu cha bizinesi chitatha. Mwezi wopanda malonda perekanibe fomu ya VAT. Fizi ya ana ndi chopepesera maliro kumudzi si ndalama zoyendetsera sitolo, choncho zisalowe m'mabuku. Ndi bwinonso kuti akaunti ya ku banki ya bizinesi ikhale payokha. Malisiti sungani ngakhale a zaka za m'mbuyo.

Akabwerabe, muli ndi ufulu woona chiphaso chawo, wodziwa msonkho ndi zaka zimene akufufuza, komanso wokhala ndi akauntanti kapena loya pambali panu. Akatenga mapepala, akulembereni mndandanda wake. Musasaine zomwe simunamvetse, ndipo za "tingogwirizana pompano" zikaneni, chifukwa ziphuphu ndi mlandu kwa wopereka ndi wolandira yemwe.

Akakulemberani msonkho umene simukugwirizana nawo, tumizani dandaulo lolemba kwa Commissioner General, mkulu wa MRA, pasanathe masiku 30, mutafotokoza zifukwa ndi kuphatikiza umboni. Udindo wosonyeza kuti alakwitsa uli pa inu. Akakukanirani, lamulo la 2021 linakhazikitsa bwalo lomva madandaulo a msonkho la Revenue Appeals Tribunal, komwe mungakachite apilo. Kalata ya MRA ikangofika, lembani tsiku limene mwailandira ndipo kaonaneni ndi loya sabata yomweyo.