Nickel ndi ma cyanide anayi: bwanji imayala ngati mkeka?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina amene akuphunzira kemisitiri ku Luwinga. Wafunsa kuti: "Akuti nickel ikagwirana ndi ma cyanide anayi imakhala yophwatalala, koma ikagwirana ndi ma chloride anayi imaima mwanjira ina. Nickel ndi yomweyo, anzake ndi anayi konsekonse. Kusiyanaku kukuchokera kuti? Nanga alipo anazionapo, kapena ndi zojambula za m'mabuku basi?"

Achemwali, funso lachiwirilo ndi limene landikoka mtima, koma tiyambe ndi loyamba.

Mchere wa nickel ukasungunuka m'madzi umabiriwira. Ine ndinaonapo kamodzi m'labu, cyanide akudonthezedwamo pang'onopang'ono. Poyamba madzi anachita mbuu, matope otuwa nakhazikika pansi pa botolo. Atapitiriza kudontheza, matope aja anazimiririka ngati shuga m'tiyi, madzi nkusanduka achikasu. Chikasucho ndiye [Ni(CN)4]2− amene mukufunsayu. Nickel ili pakati, ma cyanide anayi m'ngodya zinayi, onse pamtunda umodzi ngati mkeka woyala pabwalo. Wa chloride uja ndi wabuluu, ndipo kaimidwe kake yerekezani mafuwa atatu ndi mphika pamwamba, nickel nkukhala pakati pomwe pali moto.

Chifukwa chake chili m'maelekitironi. Nickel yotereyi ili ndi maelekitironi 8 ofunika kukhala m'mipando isanu, uliwonse wa anthu awiri. Taganizirani minibasi yopita ku Nkhata Bay. Ngati mipando yonse ili yofanana, palibe amene amafuna kupanikizana, aliyense amasaka pake. Ndi mmene zilili kwa chloride, amene amagwira nickel mofooka: maelekitironi awiri amatsala opanda mnzawo, ndipo maginito amaukoka mcherewo. Cyanide ndi wina. Amagwira zolimba kudzera ku kaboni yake, ndipo akakhala m'ngodya zinayi zija amachititsa mpando umodzi kukhala ngati wa pa injini dzuwa lili paliwombo. Palibe wolola kukhalapo. Onse 8 amadzipanikiza awiriawiri m'mipando inayi yotsalayo, ndipo maginito sakoka kanthu. Pamayeso akakufunsani, yankho ndi lomwelo.

Tsono za kuona ndi maso. Atomu palibe anaiona ngati mmene mumaonera tomato pa msika wa Zigwagwa. Chimene amachita nkukulitsa kristalo kakang'ono koyera bwino, kukawomba ndi X-ray, kenaka kuwerengera kuchokera mmene kuwalako kwamwazikira. Mwanjira imeneyi tikudziwa kuti kuchoka pa nickel kufika pa kaboni pali ma angstrom pafupifupi 1.86 (angstrom ndi muyeso waung'ono zedi: pamafunika 10 miliyoni kuti akwane milimita imodzi), ndipo ngodya zake ndi za madigiri 90. Si zongopeka ayi.

Koma makristalo omwewo ndi amene amachititsa manyazi zojambula zosalala za m'mabuku. Mukachulutsa cyanide m'madzi achikasu aja, amafiirira, chifukwa cyanide wachisanu wadziphatikapo. Nanga asanu akhala bwanji? Njira zilipo ziwiri: anayi pansi ndi mmodzi pamwamba ngati denga la nyumba ya ngodya zinayi, kapena atatu kuzungulira m'chiuno, mmodzi kumutu, wina kumiyendo. Mu 1968 Kenneth Raymond, Peter Corfield ndi James Ibers anagwira ma cyanide asanuwa m'kristalo pogwiritsa ntchito chromium ngati mnzake wa mcherewo. Anapeza kuti mitundu iwiri yonseyo ili m'kristalo limodzi, moyandikana, wachiwiriwo uli wopindika pang'ono. Ine nkhaniyi imandisangalatsa kuposa zonse za nickel. Ikuonetsa kuti kaimidwe kawiriko kamasiyana mphamvu pang'ono kwambiri, moti anansi ozungulira, ngakhale madzi obisala m'kristalomo, ndi amene amagamula mlandu.

Palinso china. Cyanide ali ndi mitu iwiri: kaboni kuno, naitirojeni uko. Akagwira nickel ina ndi kaboni, angathe kugwiranso ina ndi naitirojeni, ndipo zikalumikizana choncho zimaluka ukonde wophwatalala wopanda malire. Mu 1897 Karl Hofmann wa ku Germany anasakaniza nickel cyanide, ammonia ndi benzene (mankhwala amadzimadzi amene makaboni ake analumikizana ngati mphete), napeza makristalo okhala ndi benzene m'kati mwake, koma mmene benzeneyo anakhaliramo sizinadziwike kwa zaka zoposa 50. Mu 1949 Herbert Powell ndi mnzake Rayner ku Oxford anaonetsa kuti maukondewo amasanjikizana, ammonia nkuima pamwamba ndi pansi pake ngati mizati, ndipo benzene amakhala m'timipata ta pakati. Sanamangidwe ndi chingwe chilichonse, anangotsekeredwa ngati nkhuku m'khola. Toluene, amene ndi benzene yemweyo wongomera kamchira kamodzi, salowamo. Khomo limamuchepera.

Pomaliza, achemwali, musanyengeke ndi chikasu chokongolacho. Nzoona kuti nickel imagwira cyanide mwamphamvu zedi, koma mcherewu ndi poizoni ndithu, ndipo ukakumana ndi asidi ungatulutse mpweya wa hydrogen cyanide, umene umapha msanga. Ndi cyanide yemweyo amene amayi a ku Nkhata Bay amachotsa poviika chinangwa chowawa m'madzi masiku angapo asanasinje ufa wa kondowole. Ngati mudzaugwire m'labu, valani magolovesi, mugwirire pamalo okoka mpweya, ndipo botolo la asidi likhale patebulo lina.