Foni sichoka m'manja koma ntchito ikutsala: yankho kwa mayi wotsatsa malonda pa intaneti

Kalata ya lero yachokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe. Tayifupikitsa motere: "Ndimayendetsa masamba a Facebook ndi WhatsApp a mabizinesi atatu, saluni, shopu ya nsapato ndi malo ophikira makeke, ndipo amandilipira pamwezi. Ndimagulitsanso zovala zanga. Foni sichoka m'manja kuyambira m'mawa mpaka 11 koloko usiku, koma mwezi ukatha ndimapeza kuti mapositi ena sindinaike, anthu ena sindinawayankhe, ndipo ndalama sindidziwa kumene zalowera. Kodi ndine waulesi, kapena pali njira yomwe anzanga amatsata?"

Amayi, ulesi ayi. Waulesi safika 11 koloko usiku akuyankha anthu. Chimene chachitika n'chakuti ntchito zinayi zosiyana mwaziphika mu mphika umodzi, ndipo amene akukusankhirani yoti mugwire pa ola lililonse si inu, koma kulira kwa foni. Ntchitozo ndi kukonza zotsatsa, kuyankha anthu, kulondola amene anafunsa koma osagula, ndi kuwerengera ndalama. Ziwiri zomalizazi sizilira. Palibe belu lokuuzani kuti bambo amene anafunsa mtengo wa keke Lachiwiri sanabwerenso, kapena kuti bandulo yadya phindu la sabata yonse. N'chifukwa chake zimatsala, chonsecho ndalama zili m'menemo.

China n'chakuti shopu yanu ili pakati pa msika. Mwalowa pa Facebook kuti muike chithunzi cha saluni, mwapeza uthenga wa maliro, pansi pake mkangano wa ndale, pansi pakenso ukwati wa mnzanu wa kusukulu. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Kulimba mtima kokha sikupambana pamenepa, chifukwa mapulogalamuwa anawapanga kuti munthu asatulukemo msanga. Chothandiza ndi kuchepetsa maulendo olowamo.

Yambani ndi kuyeza, musanasinthe kalikonse. Pa foni za Android, mu Settings muli Digital Wellbeing, ndipo pa iPhone muli Screen Time. Zimaonetsa maola omwe mwathera pa pulogalamu iliyonse ndi kangati mwatsegula foni. Kwa masiku 7 lembani manambalawo madzulo, ndipo pambali lembani zomwe mwamalizadi tsikulo: mapositi angati, anthu angati ayankhidwa, angati agula. Kusiyana kwa mbali ziwirizi ndiko kudzakuonetsani nthawi yomwe ikutayika.

Zotsatsa zikonzedwe pamodzi

Tiwerengere. Masamba muli nawo 4, kuphatikiza lanu. Lililonse likamalandira mapositi 4 pa sabata, onse ndi 16. Positi imodzi mukaikonza zithunzi ndi mitengo zili kale pafupi imatenga mphindi ngati 15, kutanthauza maola 4 pa sabata. Gawani: maola 2 Lolemba m'mawa, maola 2 Lachiwiri m'mawa, foni ili pa Do Not Disturb kuti isalire. Malizani kasitomala mmodzi musanayambe wina, chifukwa kalankhulidwe kotsatsira keke ya ukwati si kofanana ndi ka nsapato za sukulu, ndipo kudumphadumpha kumabala mawu ozizira. Mukamaliza, ikani zonse mu Meta Business Suite, pulogalamu ya kampani ya Meta yomwe ndi mwini wa Facebook, pomwe mumasankha tsiku ndi ola loti positi ituluke yokha pa Facebook ndi Instagram. Zithunzi za status ya WhatsApp, yomwe imafufutika pakatha maola 24, zisungeni m'mafoda olembedwa masiku, kuti m'mawa muzingotola n'kuika.

Dongosolo limeneli limagwa pa zinthu zitatu. Choyamba, eni mabizinesi satumiza zithunzi pa nthawi yake, inu n'kuthera Lolemba lonse mukupempha. Ikani lamulo: zithunzi ndi mitengo zifike Lachisanu isanakwane 4 koloko. Kapena pitani nokha kawiri pa mwezi, m'mawa kuwala kuli kofewa, mujambule zithunzi 30 kapena 40 pafupi ndi windo kapena pakhonde. Chachiwiri ndi mitengo. Katundu amakwera mosachenjeza, ndipo positi yotuluka ndi mtengo wakale imayambitsa mkangano pakati pa mwini shopu ndi wogula, mlandu n'kugwera inu. Choncho positi ya mtengo isakonzedwe kupitirira masiku 7 kutsogolo, ndipo mtengowo mwini wake autsimikize polemba, osati pakamwa. Chachitatu, positi imatuluka yokha ngakhale saluni yatsekedwa chifukwa cha zovuta. M'mawa uliwonse tengani mphindi 5 kuona zomwe zituluke tsikulo, ndi kuonetsetsa kuti nsapato sizikupita pa tsamba la makeke.

Nthawi zoyankha anthu

Apa ndi pamene ambiri amakana, ndipo mantha awo ndi omveka: ndikachedwa kuyankha, wogula apita kwina. Zoona, ena amapita. Koma kuyankha uthenga uliwonse ukangolowa kuli ndi mtengo wakenso, umene mukuulipira kale m'mapositi osaikidwa aja. Tikulangiza nthawi zinayi: 7:30 mpaka 8 koloko m'mawa, 12 mpaka 1 koloko masana, 5 mpaka 6:30 madzulo anthu akaweruka, ndi mphindi 15 zotsekera cha m'ma 8 koloko usiku. Kunja kwa nthawi zimenezi zimitsani kulira kwa mauthenga, koma kuimba kukhale kotsegula, ndipo anthu adziwe kuti nkhani yachangu ndi yoimba.

Kuti wodikira asaone ngati mwamunyalanyaza, WhatsApp Business igwire ntchito yake. Ikani uthenga wolonjera ndi uthenga wodzitumiza wokha pamene inu simulipo, wonena ola lenileni lomwe muyankhe. Ikani katundu ndi mitengo mu catalog, popeza funso lochuluka ndi loti "zingati?" Konzaninso mayankho osungiratu, omwe amatuluka mukalemba chizindikiro cha / ndi liwu lomwe mwasankha: lina la mitengo, lina la kalipiridwe, lina la katumizidwe ka katundu pa basi kapena pa kabaza. Mayankho 6 kapena 8 otere amachotsa kulemba kobwerezabwereza kochuluka.

Pali nthawi imodzi yomwe lamuloli liyenera kufewa. Masiku omwe mwalipira zotsatsa pa Facebook, onani mauthenga mphindi 30 zilizonse, chifukwa uthenga uliwonse wotero mwaugula ndi ndalama. Ndipo musayatse zotsatsa zolipira tsiku lomwe mukudziwa kuti mudzakhala ku chinkhoswe.

Kope la anthu oti muwalondole

Ngati pa zonse talembazi mutenge chimodzi chokha, tengani ichi. Gulani kope lachikuto cholimba, kapena tsegulani Google Sheets ngati mumaizolowera. Mizere yake ikhale: tsiku, dzina, bizinesi, chomwe wafunsa, mtengo womwe mwamuuza, tsiku lomukumbutsa, ndi mathero ake. Aliyense wofunsa mtengo alembedwe tsiku lomwelo, pa nthawi yotsekera ija. Pa WhatsApp Business muikeninso chizindikiro: wafunsa, waitanitsa, walipira, watumiziridwa.

Kulondola kukhale ndi nthawi yakeyake, mphindi 30 tsiku lililonse, mwina 10 koloko m'mawa. Mkumbutseni munthu mawa lake, kenaka pakatha masiku 3, ndipo komaliza kumapeto kwa mwezi anthu apantchito akalandira. Akapanda kuyankha katatu, musiyeni. Ambiri ofunsa sanakane. Anafunsa ali m'minibasi, kapena ndalama inali isanakwane, kapena amafuna kaye kumva maganizo a kunyumba. Amene wawakumbutsa mwaulemu ndi amene amagulitsa.

Mawu okumbutsira ali ndi kanthu. "Muli bwanji, mwaganiza bwanji?" amamuika munthu pakona, ndipo amangokhala chete. Nenani chinthu chenichenicho ndi chochita chake: "Mwaswera bwanji amayi. Nsapato zakuda za saizi 6 munafunsa zija zilipobe. Ndikusungireni mpaka Lachisanu?" Musaname kuti yatsala imodzi pamene zadzaza katoni, chifukwa akadzazindikira sadzakhulupiriranso mawu anu ena onse.

Chenjeraninso ndi njira zachidule. Broadcast list ya WhatsApp, yotumizira uthenga umodzi kwa anthu ambiri nthawi imodzi, imalola anthu 256, ndipo uthenga umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu, choncho pemphani wogula aliyense kuti aisunge. Kuika anthu m'magulu osawapempha kapena kutumiza mauthenga kwa osakudziwani kumachititsa kuti akutsekeni ndi kukudandaulani, ndipo nambala ikhoza kutsekedwa. Nambala yomwe yanyamula mabizinesi anayi si yoseweretsa choncho.

Zotsatsa zolipira zimafuna kudekha

Wolipira zotsatsa amayesedwa kuziona ola lililonse ndi kusintha chithunzi, mawu kapena bajeti akangoona kuti pali zii. Makina a Meta amayamba ndi nyengo yophunzira, pomwe amafufuza anthu oyenera kuwaonetsa, ndipo amakhazikika akapeza zotsatira pafupifupi 50, monga mauthenga olowa, m'sabata imodzi. Kusintha kwakukulu kulikonse kumayambitsanso nyengoyo. Ndi bajeti yochepa mwina 50 simungafike, komabe kusinthasintha kumangoonjezera vuto. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Siyani masiku 3 kapena 4, onani kamodzi pa tsiku, ndipo mukasintha sinthani chinthu chimodzi, kuti mudziwe chomwe chathandiza.

Manambala olemba ndi atatu: ndalama yotuluka, mauthenga olowa, ndi ogula. Tinene kuti mwalipira K30,000, mauthenga abwera 60, ogula 5, ndipo phindu pa chinthu chimodzi ndi K8,000. Uthenga umodzi wakudyerani K500, wogula mmodzi K6,000, ndipo pa K40,000 ya phindu mwatsala ndi K10,000. Akanagula 3 okha, mukanaluza K6,000 ngakhale anthu mazana atakonda positiyo. Lembani ndalama yomwe yachokadi ku banki, osati yongooneka mu Ads Manager, momwe mumayendetsera zotsatsa zolipira, chifukwa kusintha ndalama yakunja ndi zolipira za banki zimaonjezerapo. Ikaninso malire a ndalama pa akaunti ya zotsatsa, kuti zomwe mwaiwala kuzimitsa zisakukolopereni khadi.

Za ndalama tinene mwachidule, popeza n'zodziwika, kungoti sizichitidwa. Bizinesi ikhale ndi nambala yakeyake ya Airtel Money kapena Mpamba, yosagulira ndiwo. Ndalama ya zotsatsa za kasitomala ilembedwe padera ndi malipiro anu, ndipo ifike musanayatse kalikonse. Usiku uliwonse lembani zolowa ndi zotuluka, kuphatikiza bandulo, kabaza ndi zodula potapa kwa ejenti, chifukwa timabowo timeneti ndi tomwe timamiza phindu. Dzilipireni ndalama yokhazikika kamodzi pa sabata kapena pa mwezi. Katundu asatuluke chifukwa cha chithunzi cha uthenga wa malipiro. Onani nokha mu akaunti, pa *211# kapena *444#, popeza mauthenga abodza otere alipo.

Eni mabizinesi, achibale ndi magetsi

Tikukayikira kuti mbali ina ya 11 koloko usiku ija ikuchokera kwa eni mabizinesiwo. Pamene palibe pangano lolembedwa, wolipira pamwezi amaganiza kuti wagula maola anu onse. Lembani tsamba limodzi: mapositi angati pa sabata, ndani ayankhe mauthenga, maola anu ogwira ntchito, kukonzanso kangati pa positi imodzi, ndi tsiku la malipiro. Musatenge pasiwedi yawo. Akupatseni mwayi woyendetsa tsambalo kudzera pa akaunti yanu, ndipo nonse muyatse chitetezo cha magawo awiri, chofunsa nambala yachinsinsi yoonjezera polowa, pa Facebook ndi pa WhatsApp.

Kunyumbanso wogwira foni amaoneka ngati wangokhala, ndiye amatumidwa. Auzeni maola anu momveka, monga amachitira wopita ku ofesi, ndipo pa maola 2 okonza zotsatsa aja khalani pamalo amodzi odziwika, pa tebulo osati pabedi.

Magetsi ndi netiweki muziwerengere ngati gawo la ntchito. ESCOM ikatulutsa ndandanda ya kuzima kwa magetsi, isungeni. Kutumiza makanema ndi kuika mapositi a sabata chitani magetsi alipo, ndipo kulemba mawu m'kope, kujambula ndi kuwerengera ndalama kudikire akazima. Power bank igone pa tchaji. Lachisanu masana lisiyeni lopanda kanthu, kuti zomwe maliro, matenda kapena mvula zasokoneza zipeze polowa. Sunganinso mapositi 4 opanda mitengo a kasitomala aliyense, otulutsa sabata ikavuta.

Za zovala zanu tili ndi nkhawa. Mapanga awiri avumbwitsa. Sitikunena kuti musiye, koma zipatseni maola ake ngati kasitomala wachinayi, ndipo pakatha mwezi gawani phindu lake ndi maola omwe zadya, muyerekeze ndi zomwe ola limodzi la ntchito yotsatsa likukupatsani. TikTok kapena tsamba lina latsopano lidikire mpaka masamba 4 alipowa atayenda mwezi wathunthu osadumpha.

Musayambe zonse Lolemba likubwerali, chifukwa Lachinayi mudzakhala mutatopa n'kubwerera ku zakale. Sabata yoyamba muyeze nthawi ndi kutsegula kope. Yachiwiri muyambe nthawi zoyankha. Yachitatu mukonze mapositi pamodzi. Yachinayi mukambe pangano ndi eni mabizinesi, mutanyamula manambala. Kuyambira pamenepo, Lachisanu lililonse tumizani kwa aliyense uthenga wa mizere inayi, monga uwu: "Sabata ino mapositi atuluka 4. Ofunsa anali 23, ogula 6. Ambiri amafunsa makeke aang'ono a tsiku lobadwa. Ndikupempha zithunzi 5 za makeke amenewa ndi mitengo yake isanakwane 4 koloko lero."