Zithunzi za 3D pa kompyuta wamba

Achimwene, mwafunsa za zithunzi ziwiri zoikidwa moyandikana zija, kuti mungatani kuti muzione mu 3D, komanso chifukwa chake magalasi a ku kanema akukanika. Magalasi amenewo angosungani. Amagwira ntchito pokhapokha makina oonetsera kanema akamasefa kuwala mwapadera, diso lililonse kulipatsa kwake. Sikirini ya laputopu siichita zimenezo, moti mukawavala chithunzi chimangoderako basi.

Zithunzi ziwirizo sizofanana ndendende. China chinajambulidwa kamera itasunthidwa masentimita 6 kapena 7, monga matalikirana a maso athu. Chofunika n'chakuti diso lililonse lione chithunzi chake chokha, kuziphatikiza ndi ntchito ya ubongo. Wasayansi wa ku England Charles Wheatstone anazichita kale mu 1838 ndi magalasi awiri odziyang'anira.

Musanagule kanthu, yesani ndi maso okha. Khalani patali ndi sikirini ngati kutalika kwa mkono, imikani chala pakati pa nkhope ndi sikirini, muziyang'ana nsonga yake. Sunthani chalacho pang'onopang'ono mpaka zithunzi za kumbuyozo zioneke zitatu. Chapakaticho ndiye cha 3D. Musafulumire kuchiyang'ana, chimathawa. Dikirani chioneke bwino chokha, kenako tsitsani chala. Koma apa ndi pomwe ambiri amasokonekera. Njira imeneyi imafuna kuti chithunzi cha diso lamanzere chikhale kumanja. Zikakhala mosemphana, mphuno ya munthu imalowa m'kati ndipo phiri limaoneka ngati dzenje. Si vuto la maso anu ayi, ingosinthanitsani zithunzizo. Zoikidwa lamanzere kumanzere zimafuna kuyang'ana ngati mukuona chinthu chakutali kuseri kwa sikirini, ndipo zimatheka zithunzi zikakhala zazing'ono, ngati pa foni.

Ngati mukufuna kuonera limodzi ndi ana, pezani magalasi a pepala aja, ofiira kumanzere, abuluu wobiriwirako kumanja. Njirayi amaitcha anaglyph, ndipo wasayansi Wilhelm Rollmann anaifotokoza mu 1853 ku Germany. Pali pulogalamu yaulere ya Windows, StereoPhoto Maker, yomwe imatenga zithunzi zanu ziwirizo n'kuziphatikiza kukhala chimodzi chotere. Imatsegulanso mafayilo a MPO, osunga zithunzi ziwirizo pamodzi, ochokera mu kamera za Fujifilm ngati W3 komanso mu kachipangizo kosewerera magemu ka Nintendo 3DS. Choipa chake ndi mitundu. Malaya ofiira amaphethira mosowetsa mtendere, chifukwa diso lina limawaona owala pomwe linalo likuwaona akuda. Ine ndimakonda kuchotseratu mitundu chithunzi chikhale cha black and white, maso amapuma. Poyesera magalasi, sakani zithunzi za anaglyph za ku Mars zomwe NASA inaika pa intaneti, miyala yake imachita kutukuka.

Magalasi a batire a Nvidia 3D Vision wina akakutsatsani, musataye ndalama. Amafuna sikirini ya 120 Hz yogwirizana nawo, ndipo kampani ya Nvidia inasiya kuwasamalira mu 2019.

Mutu ukayamba kuwawa, lekani, mudzayesenso mawa. Alipo anthu ena, makamaka omwe diso limodzi ndi lofooka kuyambira ali ana, amene 3D samaiona n'komwe ngakhale avale magalasi otani. Kwa iwowo, pulogalamu ya StereoPhoto Maker ija imapanga GIF, fayilo ya chithunzi choyenda, yosinthasintha zithunzi ziwirizo mwachangu, ndipo za kutsogolo ndi za kumbuyo zimasiyanitsika ngakhale ndi diso limodzi.