Achimwene, za amayi kutuluka usiku zija

Achimwene, funso lanu pagulupu ndaliona. Kulemba kundichedwetsa, bola ndingoyankhula, ndipo achemwali ku Mzuzu nanunso mumvetsere. Mwafunsa ngati n'zoona kuti amayi anapezeka usiku pakhomo pa eni, komanso ngati tiwapititse kwa sing'anga kapena tiwatengere kuno ku Lilongwe.

N'zoona, anatuluka. Pakati pa usiku, khasu lili paphewa, anakapezeka kuseri kwa nkhokwe ya anthu a kumtunda aja. Powafunsa anati akupita kudimba dzuwa lisanatuluke, pomwe dimbalo anasiya kulima abambo ali moyo. Ndiye kwathu kuja mukukudziwa, nkhalamba ikapezeka panja usiku anthu saganiza ziwiri. Kutacha nkhani inali itafika kale pamjigo, akuti amayi akutamba.

Za sing'anga ine ndakana, ndipo ndikukanitsitsa. Amayi akudwala, achimwene. Titapita nawo kuchipatala ku Dedza, adokotala anati ndi matenda oiwalaiwala aja amati dementia. Ubongo umafooka pang'onopang'ono, ndipo BP yomwe akhala nayo zaka zonsezi imawononga timitsempha ta m'mutu. Mankhwala ochiziratu kulibe, koma mapiritsi a BP asamadumphitse. Tsono sing'anga akaombeza satha osatchula munthu. Kaya anena kuti mfiti ndi amayi omwewo, kaya aloza mng'ono wanga amene akuwasamalayo. Uko ndi kuyatsa moto padenga lathu lomwe. Mukukumbukira za ku Neno mu 2016? Mphenzi inapha mtsikana, anthu n'kupha nkhalamba zinayi ati ndizo zatumiza mphenziyo. Ine ndikaganiza zimenezo tulo sindiliona.

Malamulo alipo. La 1911 lija limati kumunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lina loteteza okalamba. Koma usiku pamudzi palibe wapolisi. N'chifukwa chake ndapempha amalume, monga mwini mbumba, atenge buku la kuchipatala la amayi akaonetse amfumu. Amfumu aitanitse anthu, abwere ndi alangizi a zaumoyo afotokoze kuti awa ndi matenda, ndipo aliyense wowapeza akuyendayenda awagwire dzanja, awaperekeze kunyumba. Amayi a Chigwirizano ndawauza kale, ayamba kumabwera kudzacheza nawo. Anthu akamaona gulu la mpingo likulowa ndi kutuluka pakhomo, pakamwa pamachepa.

Zowatengera kuno kutauni, ndikudziwa mwanena ndi mtima wabwino, koma zingawasokoneze kwambiri. Kumudzi mapazi awo amadziwa okha njira ya kuchimbudzi, ya kukhitchini, ya kutchalitchi. Kuno makoma onse ndi achilendo, ine ndimachoka m'mawa kubwera madzulo, ndipo akangotuluka pageti ndi msewu wa magalimoto, palibe wowadziwa dzina. Munthu wa matendawa ukamusamutsa amangolira kuti ndiperekezeni kwathu.

Pali zina zoti mudziwe, chifukwa mukamaimba foni mumadabwa. Dzuwa likamapendeka ndi pamene mutu umasokonekera kwambiri. Amayamba kusakasaka, kupinda zovala, kufunsa kuti, "Abambo anu afika nthawi yanji? Ndiwaikire madzi osamba." Chonde musamawauze kuti abambo anamwalira. Nthawi iliyonse akamva amalira ngati maliro achitika lero, pakapita kanthawi aiwala, afunsanso. Mng'ono wanga anapeza njira yake. Amangoti, "Tiyeni tiyambe taswa mtedzawu," n'kuwaikira lichero pamiyendo. Manja aja amakumbukira ntchito, amaswa bwinobwino, makoko mbali iyi mtedza mbali iyo, mtima n'kukhala pansi. Ukayambitsa nyimbo ya m'buku amaimba mavesi onse osaphonya, chonsecho nsima adya kapena sanadye sakudziwa. Komanso akakuuzani pafoni kuti awabera ndalama kapena akuwamana chakudya, musathamangire kukalipa. Ndalama amamanga okha pa nsonga ya chitenje n'kuiwala, zina zinapezeka m'thumba la ufa.

Tsono nkhani yeniyeni imene ndikufuna timvane ndi ya mng'ono wathuyu. Tonse timafunsa kuti amayi adzuka bwanji, koma iye palibe womufunsa. Akugona pamphasa pakhomo penipeni kuti amayi akafuna kutuluka amudzutse. Mbandakucha ali kale pamjigo kuchapa zofunda, chifukwa masiku ano amayi mkodzo sakutha kuugwira. Kenako phala, kuwasambitsa, ana ake apite kusukulu. Munda wake chaka chino wapalira theka. Wawonda, ndipo tsiku lina anandiuza akulira kuti anawakalipira amayi, akudziona ngati wolakwa. Sindinamudzudzule ngakhale pang'ono. Munthu wosagona miyezi yonseyi angapirire mpaka liti? Akagwa iyeyu, amayi agwa naye limodzi.

Ndiye pempho langa ndi ili. Ndalama tisamatumize pokhapokha tamva kuti kwavuta. Aliyense atchule imene angathe, ngakhale yochepa, koma izifika tsiku lodziwika mwezi ndi mwezi. Inu achimwene muzitumiza pa Mukuru monga mwa nthawi zonse, ife pa Airtel Money kapena Mpamba, zonse kwa iye, ndipo tisamufunse ngati wakuba. Pa ndalamazo tilipire mayi mmodzi wa pamudzi pomwepo, amene amayi amamudziwa nkhope, azikhala nawo masana kuti mwanayu agoneko ndi kupita kumunda. Tilipirenso aganyu. Za Mtukula Pakhomo tisawerengere, amasankha makomo osaukitsitsa opanda wogwira ntchito. Ndalama payokha sikwanira, tizisinthana kupita. Ine ndipita kumapeto kwa mwezi uno, achemwali mutenge holide ya sukulu, inu achimwene mukabwera pa Khrisimasi musangodzera, mudzagoneko masiku angapo kuti mng'ono wathu achokepo akapume kwina.

Zogula sizambiri: nyale ya sola iziyaka usiku wonse, kabelu pachitseko, pulasitiki ya pamatiresi, chidebe cha usiku, sopo wokwanira. Machesi, mipeni ndi mankhwala othira m'chimanga ndauza kuti zichoke m'nyumba mwawo. Wina anapereka nzeru yoti tiziwatsekera kunja ndi loko, ine ndati ayi, moto utabuka angatuluke bwanji? Ndipo mukadzamva kuti asokonekera mwadzidzidzi kuposa masiku onse, akutentha thupi kapena akungogona, amenewo akhoza kukhala malungo kapena matenda a m'chikhodzodzo. Tsiku lomwelo apite kuchipatala, ndalama ya njinga yamoto izikhala padera.

Lamlungu imbani pa vidiyo cham'mawa, asanapite kutchalitchi, mutu wawo umakhala bwinoko nthawi imeneyo. Musawayese kuti "ndine ndani?", amachita manyazi n'kukwiya. Ingonenani nokha dzina lanu la paubwana lija. Mukatha nawo mulankhulenso ndi mng'ono wathu payekha, mumufunse za iye mwini. Za ndalamazo mundiyankhe pofika Lachisanu kuti ndikamuuze mayi uja tsiku loyamba ntchito. Mupereke moni kwa alamu ndi ana.