Khwangwala wa mimba yakuda pa phiri la Zomba: ndi mtundu wanji?

Wowerenga wina watilembera kuti atakwera phiri la Zomba anaona khwangwala wamkulu, wakuda mimba yonse, wamawu achilendo. Akufunsa ngati ndi yemwe uja timamuona ku Limbe kapena ndi wina.

Achimwene, ndi wina. Ku Malawi kuno tili ndi mitundu iwiri yomwe anthu amaisokoneza. Wa m'tauni uja, amene amafukula zinyalala m'misika, akatswiri amamutcha Corvus albus. Amene munaonayo ndi Corvus albicollis, khwangwala wa kumapiri, wopezeka ku Mulanje, Zomba, Dedza ndi Nyika, komwe kuli matanthwe otsetsereka oti amangepo chisa.

Yambani ndi kuyera. Wa m'tauni ndi woyera pachifuwa mpaka kumimba, ndipo kuyerako kumazungulira khosi lonse. Wa kumapiri ali ndi banga loyera limodzi lokha, kumbuyo kwa khosi, looneka ngati mwezi ukangokhala. Kunsi konse n'kwakuda. Apa mpamene ambiri amaphonya: mbalame ikakufulatirani, mitundu yonse iwiri imaonetsa kuyera pakhosi. Musafulumire, dikirani itembenuke.

Koma chimene sichinama ndi mlomo. Wa khwangwala wa kumapiri ndi wochindikala kwambiri, wokhota pamwamba, ndipo nsonga yake ndi yoyererako. Umachititsa mutu wonse kuoneka wolemera. Wa mnzakeyo ndi wowonda, wakuda mpaka kunsonga. Kutalika kokha kusakunyengeni, chifukwa onse awiri amafika cha m'ma sentimita 50, ngakhale wa kumapiri ndi wojintcha.

Akakhala m'mwamba, dzuwa lili kumbuyo kwake, kuyera ndi kuda sikuoneka. Pamenepo yang'anani mchira. Wa kumapiri mchira wake ndi waufupi, mapiko otambalala, ndipo amakonda kuyandama pamphepo yokwera m'mbali mwa thanthwe, kawirikawiri awiriawiri, nthawi zina akuchita kugudubuzika mlengalenga. Wa m'tauni mchira ndi wautaliko ndipo amakupiza mapiko pafupipafupi.

Za mawu, chodabwitsa n'chakuti wamkuluyo sindiye wa mawu aakulu. Wa m'tauni amalira mokalipa, mosasa, "kwaa-kwaa", mawu ochokera pansi pa mmero. Wa kumapiri amatulutsa "kroo-kroo" wokwera m'mwamba, wopyapyala, wosayenerana ndi thupi lakelo. Onse awiri alinso ndi timawu tina tong'ung'udza akakhala pafupi ndi anzawo, choncho kulira kumodzi sikokwanira. Mvetserani kangapo, makamaka pamene ikuuluka, ndipo ngati muli ndi foni jambulani mawuwo mphepo itachepa.

Musadalirenso malo okha. M'munsi mwa mapiri, monga m'tauni ya Zomba kapena m'minda ya tiyi ku Mulanje, mitundu iwiriyi imatha kukumana pamalo amodzi. Mukadzabwererako, imani penapake poonekera thanthwe m'mawa dzuwa litayamba kutentha, pamene mphepo yofunda imayamba kukwera, ndipo muyang'ane mlomo musanayang'ane china chilichonse.