Kwa achimwene amene akufuna kupha "ine" wawo

Ndalandira imelo yaitali kuchokera kwa bambo ena a ku Lilongwe amene apempha kuti dzina lawo lisatuluke. Ntchito inawathera chaka chatha kampani itachepetsa antchito. Ali pabanja, ana awiri. M'masiku osowa chochita aja analowa gulu lina la pa WhatsApp la anthu ofuna kusintha moyo wawo, ndipo kumeneko anawaphunzitsa kuti mavuto onse a munthu amachokera ku ego, kamtima kaja ka "ine, ine", ndipo kuti munthu akangotseguka maso mu uzimu kuvutika kumatheratu. Panopa amadzuka 4 koloko m'mbandakucha n'kukhala phee maola awiri akusinkhasinkha, amasala kudya masiku atatu pa sabata, ndipo makalata ofunsira ntchito anasiya kulemba chifukwa akuti kufuna ntchito n'kukakamira za dziko. Akazi awo akadandaula za lendi, iwo amaona kuti mayiwo "akadali m'tulo". Mafunso awo ndi awa: "Bwanji mtima ukundipwetekabe? Kodi ego yanga ndi yaikulu kwambiri? Ndiiphe bwanji, ndipo zitenga nthawi yaitali bwanji?" Kumapeto afunsanso ngati n'koyenera kukongola ndalama kuti alipire maphunziro a masiku asanu amene mtsogoleri wa gululo akugulitsa.

Achimwene, mtima ukukupwetekani chifukwa ntchito inatha, mwini nyumba akugogoda ndipo ana akufuna fizi. Munthu aliyense wamoyo zingamupweteke. Amene anakuuzani kuti ululu umenewu ndi umboni woti simunakhwime mu uzimu anakusenzetsani katundu wachiwiri pamwamba pa woyamba.

Zambiri zimene magulu otere amaphunzitsa anazitola ku chiphunzitso cha Buddha, koma anatola theka. Ine si M'buda, ndine wowerenga chabe, komabe nkhani yake ndi yoti muimve yonse. Siddhartha Gautama, amene pambuyo pake anadzatchedwa Buddha, anabadwira ku Lumbini, m'dziko limene lero ndi Nepal, zaka pafupifupi 2,500 zapitazo. Ali ndi zaka 29 anachoka pakhomo kukafuna yankho pa nkhani ya ukalamba, matenda ndi imfa. Kwa zaka 6 anayesa njira zosiyanasiyana, ndipo yaikulu inali yomwe mwayambayi: kuzunza thupi ndi njala. Mabuku akale a Abuda amati anaonda mpaka akagwira pamimba ankakhudza fupa la msana. Pomaliza anaona kuti sizikumufikitsa kulikonse, ndipo anayambanso kudya. Anthu amakumbukira mayi wina dzina lake Sujata amene anamupatsa mpunga wophika ndi mkaka. Anzake asanu amene ankasala naye anakhumudwa n'kumusiya, ati wagonja. Kutseguka maso kumene aphunzitsi anu akukamba kunamufikira ku Bodh Gaya, m'chigawo cha Bihar ku India, ali ndi zaka 35, atadya. Ndipo atawapeza anzake aja ku Sarnath, pafupi ndi Varanasi, chinthu choyamba chimene anawauza n'chakuti mbali ziwiri zonse n'zosathandiza: kumwerekera ndi zosangalatsa, komanso kudzizunza.

Tsono funso lanu lenileni, loti kodi ululu umatha. Munthu yemweyu anaphunzitsa zaka 45, ndipo mabuku omwewo sabisa kuti atakalamba msana unkamuwawa, moti nthawi zina ankauza wophunzira wake Sariputta kuti apitirize kuphunzitsa iye akagoneko. Anamwalira ku Kushinagar ali ndi zaka 80 atadwala kwambiri m'mimba. Ngati mwini wake wa chiphunzitsocho msana unkamuwawa, ndani wakulonjezani inu moyo wopanda ululu?

Zimene anaphunzitsa n'zocheperapo kusiyana ndi lonjezo la pa WhatsApp, koma n'zogwirika. Anati munthu akakumana ndi chowawa amakhala ngati walasidwa muvi, kenaka iye mwini amadzilasanso wachiwiri pabala lomwelo. Wophunzitsidwa bwino amamva muvi woyamba basi. Woyambawo palibe amauzemba.

Tiyeni tiuone muvi wachiwiriwo pafupi, chifukwa apa ndi pamene ego imene mukuifunayo imakhala. Ndi 2 koloko usiku, magetsi azima, akazi anu ali mtulo, inu maso ali gwa kudenga. Lendi ya miyezi iwiri sinalipidwe. Ameneyo ndi muvi woyamba, ndipo ali ndi nambala yake, mutha kumulemba papepala. Koma mutu sukhala pa nambalayo. Umapita kwa mnzanu wa ku koleji amene mwamuona pa Facebook atatsamira galimoto yatsopano, pamene m'kalasi munkamuposa. Umapita kwa apongozi, kuti kumudzi akuti chiyani za mkamwini wawo. Umabwereza mawu a bwana uja tsiku lokupatsani kalata, n'kumakonza yankho limene mukanamuyankha. Umafunsa kuti anthu akuonani bwanji mukutsika minibasi masana mutavala patapata pamene kale munkavala tayi. Muone kuti m'maganizo onsewa lendi mulibemo. Muli chithunzi cha inu, munthu amene mumaganiza kuti muyenera kukhala, ndipo chithunzicho chang'ambika. Pamenepa ndikugwirizana ndi aphunzitsi anu: ululu wochuluka wa usikuwo ukuchokera pa kuteteza chithunzicho.

Kusinkhasinkha kumathandiza ndendende pa malo amenewa. Mukakhala chete n'kumatsatira mpweya wanu, mumayamba kuona ganizo likubwera, "anzanga andipitirira", n'kulizindikira kuti ndi ganizo, osati chigamulo cha khoti. Limabwera, limakhala pang'ono, limapita, kenaka limabweranso. Ndi ntchito yonse imeneyo. Katswiri wina wa ku America, Jon Kabat-Zinn, atayambitsa maphunziro a kusinkhasinkha pa chipatala cha University of Massachusetts mu 1979, ambiri mwa anthu amene ankabwera anali odwala amene ululu wawo madokotala analephera kuuthetsa. Sanawalonjeze kuti ululuwo uchoka. Ankawaphunzitsa kukhala nawo popanda kuwonjezerapo mantha ndi mkwiyo.

Za kupha ego, ndikupemphani muzisiye. Akatswiri a maganizo, kuyambira pa Sigmund Freud mu 1923, akamati ego amanena mbali ya munthu imene imayeza zofuna zake ndi mmene zinthu zilili, imene imakuuzani kuti dikira kaye, galimoto ikubwera. Imeneyo ikafa ndiye kuti mwadwala. Abuda nawonso sanena kuti mkati mwanu muli kachilombo koti mukasake n'kukapha. Amati mukayang'anitsitsa mupeza kuti "ine" si chinthu chimodzi cholimba, koma thupi, zomva, zokumbukira ndi maganizo zimene zikusinthasintha. Chinthu chotero chimafuna kuchimvetsa. Ndipo chilankhulo cha kudzida chili ndi mbiri yoipa. M'mabuku a malamulo a amonke a Chibuda muli nkhani ya ku Vesali, ku India, kumene amonke ena atamva chiphunzitso cha kunyansa kwa thupi anafika podana ndi matupi awo mpaka ambiri anadzipha. Buddha atamva zimenezi anawaphunzitsa njira yofatsa yotsatira mpweya. Kuno kwathu ku Africa sitinaiwale za nkhalango ya Shakahola ku Kenya, kumene mu 2023 anayamba kufukula mitembo, yoposa 400, ya anthu amene anauzidwa kuti asale kudya mpaka akakumane ndi Yesu. Sindikuti gulu lanu lafika pamenepo. Ndikungoti mphunzitsi aliyense amene mankhwala ake pa chilichonse ndi "chepetsanso kudya, dzidenso kwambiri" muzimuyang'ana ndi maso awiri.

Tsopano ndinene chimene chandivuta kwambiri mu imelo yanu, ndipo mundikhululukire ngati ndilasa. Ndi mawu aja oti akazi anu akadali m'tulo. Mayi amene akudzuka kukoleza mbaula, kupita pamsika ndi kandalama kochepa kukanenerera tomato, n'kubwerera kudzayankha mwini nyumba pakhomo inu muli m'chipinda mwatseka maso, ameneyo ndiye ali m'tulo? Kale chithunzi chanu chinali cha bambo wa ntchito yabwino. Chitang'ambika mwapeza china, cha munthu wodzuka pakati pa anthu ogona, ndipo chatsopanochi n'chokoma kuposa chakale chifukwa palibe bwana angakulandeni. Munthu amene wasiya kachasu n'kuyamba mowa wa m'mabotolo sanasiye mowa. Amene timapita kutchalitchi timaidziwa nkhani ya Mfarisi amene popemphera ankayamika Mulungu kuti iye sali ngati anthu ena, n'kuwerengera ndi masiku amene amasala kudya pa sabata. Timaimva chaka ndi chaka, aliyense akuganizira mnzake wa pa benchi ina.

John Welwood, katswiri wa maganizo wa ku America amene nayenso anali M'buda, analemba za khalidwe limeneli m'zaka za m'ma 1980 ataliona mwa anzake osinkhasinkha: munthu kugwiritsa ntchito zauzimu pozemba zinthu zimene akuopa kukumana nazo. Kulemba kalata yofunsira ntchito n'kusayankhidwa kumawawa. Kuimbira mnzako wakale kuti "aise, ukamva kena kake undiuze" kumachititsa manyazi. Ndikukayikira kuti munasiya makalata aja chifukwa choti mwasiya kukakamira za dziko. Ndikuganiza kuti munatopa ndi kukanidwa, zomwe n'zomveka, ndipo gulu lija linakupatsani dzina lokongola la kutopako. Ngati mukufunadi pochepetsera "ine", palibe malo abwino kuposa pakhomo pa ofesi ya munthu amene kale anali pansi panu, envelopu ili m'manja.

Buddha yemweyo sankauza anthu apabanja kuti asiye kufuna ndalama. Pa malangizo amene anapatsa mnyamata wina dzina lake Sigala, anati chuma achigawe panayi: gawo limodzi adye, awiri alowetse mu ntchito yake, limodzi asunge kuchitira tsiku la mavuto. Pa malangizo omwewo anati mwamuna azilemekeza mkazi wake, asamamunyoze, akhale wokhulupirika, amupatse ulamuliro pakhomo, ndipo azimugulira zodzikongoletsera. Palinso nkhani ya mlimi wa ku Alavi amene anafika mochedwa pa chiphunzitso atakhala tsiku lonse akusaka ng'ombe yake yosochera. Buddha anati ayambe wapatsidwa chakudya, chiphunzitso pambuyo. Funsani pa gulu lanu ngati zimenezi anaziwerengapo.

Zitenga nthawi yaitali bwanji? Palibe angakuuzeni moona, ndipo wokupatsani deti akukugulitsani kanthu. Mother Teresa wa ku Calcutta anamwalira mu 1997, ndipo makalata ake atasindikizidwa mu 2007 anthu anadabwa kuona kuti kwa zaka pafupifupi 50 ankamva mdima ndi kuuma mumtima, ngati Mulungu kulibe, uku akugwirabe ntchito yake tsiku ndi tsiku. Kaya munthu amamuona bwanji mayiyu, makalatawo akusonyeza kuti mmene ukumvera mkati si sikelo yodalirika. Sikelo yabwinoko ili ndi anthu a m'nyumba mwanu. Patapita miyezi itatu, afunseni akazi anu ngati mwayamba kumvetsera akamalankhula, ngati mumapsa mtima msanga monga kale, ngati ana amakuyandikirani. Yankho lawo mulilandire osadziteteza.

Kusinkhasinkhako musasiye, koma maola awiri ndi ambiri kwa munthu wopanda mphunzitsi wodziwa, amenenso sakudya bwino. Willoughby Britton ndi anzake a ku Brown University anafalitsa kafukufuku mu 2017 wosonyeza kuti kusinkhasinkha kumatha kubweretsa mantha, kusowa tulo ndi kudzimva ngati suli m'thupi lako mwa anthu ena. Mphindi 20 zikukwanirani. Nthawi yotsalayo tengani pepala, mulembe mavuto a muvi woyamba okhaokha, musankhepo limodzi, mukhale pansi ndi mayi a kunyumba mugwirizane chochita sabata ino. Njira yosavutayi ndi imenenso agogo a Friendship Bench, amene amakhala pa benchi n'kumamvetsera mavuto a anthu, amagwiritsa ntchito ku Zimbabwe, pa ntchito imene dokotala Dixon Chibanda anayambitsa ku Harare, ndipo yathandiza anthu ambiri amene maganizo anawachulukira.

Chinthu china musachinyalanyaze. Mu imelo yanu mwatchula kuti tulo simukuona, chakudya sichikukomanso ngakhale masiku osasala, ndipo palibe chikukusangalatsani. Zimenezi zikapitirira masabata awiri akhoza kukhala matenda a nkhawa ndi kukhumudwa, ndipo ali ndi chithandizo. Pitani ku chipatala cha St John of God konko ku Lilongwe, kapena kuchipatala cha boma mukafunse woona za matenda a maganizo. Ngati ganizo loti bola kufa layamba kukufikirani, uzani munthu lero lomwe, musadikire kuti muone ngati lichoka.

Za ngongole ya maphunziro a masiku asanu, ayi, musakongole, makamaka kwa akatapila. Mwambo wakale wa chiphunzitso chimenechi ndi woti sichigulitsidwa. Mpaka lero malo ophunzitsira kusinkhasinkha kwa mtundu wa Vipassana motsatira mphunzitsi S. N. Goenka, kuphatikizapo amene ali ku Worcester ku South Africa, amapereka maphunziro a masiku 10 osalipiritsa, chakudya ndi pogona zomwe; amene wamaliza ndiye amapereka zimene angathe kuti wina adzaphunzire. Ngakhale amenewo sindikukulangizani panopa, mpaka tulo ndi kudya zibwerere m'malo. Mtsogoleri wa gulu lanu mumufunse mwaulemu ngati angakuphunzitseni ulere popeza simuli pa ntchito, ndipo mudzandilembere zimene ayankhe.