Mwana wanga akungoloweza nyenyezi, masamu akugwa

Mayi wina waku Area 25 wandilembera kuti mnyamata wake ali Form 3, madzulo aliwonse amakhala pakhonde ndi anzake awiri kumapanikizana mafunso a zakumwamba, pulaneti yaikulu ndi iti, Pluto anaichotsa liti pa mndandanda, woluza amagula zitumbuwa. Akuti akufuna kudzakhala astronaut ku NASA koma masamu teremu yatha anapeza 38, ndipo bambo ake alumbira kuti amulanda foni coz iwowo akufuna dokotala mnyumba. Ndichite bwanji?

Mayi, makalata ngati anuwa ndimalandira pafupipafupi, chimasintha ndi maloto okha.

Ndiyambe ndi bambowo. Udokotala ku KUHeS amatenga ana amene anakhoza mochititsa mantha, mwana amene mukuchita kumukokera ku Biology ngati mbuzi yopita kumsika sakafikako, mungomudanitsa ndi sukulu basi. Foniyo musalande. Ana angati mu Area 25 monse amene magetsi akazima amatuluka panja kukayang'ana Mlalang'amba?

Koma iwe mnyamata, poti ndikudziwa amayi akuonetsa izi, za NASA zo iwala kaye, kuti ukhale astronaut wawo umayenera kukhala nzika ya America, nkhani yathera pompo. Ndipo kudziwa kuti Jupiter ndi yaikulu kuposa zonse kapena kuti Pluto anaitsitsa mu 2006 si sayansi ayi, ndi kuloweza, ngakhale agogo ako amaidziwa Nthanda ndi Nsangwe osalowapo mkalasi. Ntchito yeniyeni ya akatswiri a zakumwamba ndi masamu ndi kompyuta tsiku lonse, ambiri mwa iwo diso pa telesikopu saikapo nkomwe.

Ndiye masewera anuwo asinthe. M'malo mofunsa mnzako kuti kuwala kwa dzuwa kumatenga nthawi yaitali bwanji kufika kuno iye nkuyankha za pamtima, mpatse pepala: dzuwa lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 150 miliyoni, kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi, agawe yekha. Akapeza masekondi 500, asandutse akhale mphindi 8 ndi masekondi 20. Aaa pamenepo ndiye mwayamba, ndipo standard form yomwe ukuithawa mkalasi ija ndi imeneyi, yangovala malaya ena. Wolephera kugawa ndi amene azigula zitumbuwa.

Njira imene ine ndimaikhulupirira ndi digiri ya Physics kapena Mathematics, kaya ku UNIMA ku Zomba kaya ku Mzuni ngakhale kudzera ku education, anthu amainyoza kuti mathero ake ndi choko koma ndi khomo lomwe limatsegula zinazo. Ukamaliza bwino ndi pomwe umafunsira masters kunja, ndipo sikutali, South Africa ili ndi telesikopu ya radio yotchedwa MeerKAT kudera la Karoo, madishi 64 omwe anawatsegulira mu 2018, komanso AIMS, sukulu ya ukachenjede ya masamu ku Cape Town, imatenga ana a mu Africa muno okhoza masamu nkuwalipirira. Zikakanika sunataye kanthu, munthu wa Physics wodziwa programming sasowa pogwira. MUST ku Thyolo ilinso ndi Meteorology and Climate Science, kumwamba komweko koma kwa mitambo ndi mvula, komwe dziko la alimi ngati lathuli likukufuna kwambiri.

Ma credit sikisi a MSCE kuphatikiza English olowera ku yunivesite aja aliyense akuwadziwa, koma credit ya 6 pa masamu siikufikitsa uko, limbikira upeze 1 kapena 2, Physics chimodzimodzi, ndipo ngati pasukulu panu pali Additional Maths lembetsa mawa lomwe.

38 ija ikundidetsa nkhawa, sindikunamizani mayi. Koma ndi Form 3, chaka chilipo, ndipo mwana wokhala pakhonde mpaka usiku chifukwa cha funso ulesi alibe. Mugulireni ma past paper a MANEB, anzake awiriwo azibwerabe, teremu ikatha mundilembereso mundiuze wapeza zingati.